Sanasile, Ali ku Sikelo na Mwana

Pa Ciwelu ciliconse madzulo timakhala pa wailesi kuwelenga mauthenga a anthu opempha nyimbo. Mwezi watha kunabwela uthenga wocokela kwa mnyamata wina wa kuno amene lomba akhala ku Lusaka. Anafunsa za amai ena oimba a ku Mwase Lundazi, aja nyimbo yawo inavinidwa pa maukwati onse zaka ziwili zapitazo. Funso lake linali lalifupi: "Uja anasila?" Ise tinawelenga uthengawo pa mphepo, tinaseka, n'kuika nyimbo ina.

Kuseka kuja kunali kopusa, ndipo tabwela kudzakubweza. Mlungu umenewo amai aja anali atapita ku sikelo na khanda kumbuyo, atapepeta soya, komanso atakhala pa msonkhano wa makolo ku sukulu ya mwana wawo wamkulu. Usiku ana atagona, anali kulemba mau a nyimbo mu buku la sukulu lotsala masamba. Ise tinali kudziwa zonsezi, koma tinaseka ndithu.

Imwe anzathu a mu Kalingalinga na mu Chawama, situdiyo ili kuseli kwa nyumba yanu. Mungajambule nyimbo masana, madzulo ili kale pa TikTok. Kuno nyimbo imayambila m'munda. Woimba amayembekeza kukolola, agulitse soya kapena nshawa, apatule ya yunifomu, nsapato na mabuku a ana. Inde, boma linacotsa mafizi kuyambila mu 2022, koma nsapato sizigawidwa ku sukulu. Zotsalazo ndiye za nyimbo. Kucoka ku Mwase afike pa boma, ndipo ngati afuna situdiyo ya zida zabwinoko akwele basi ya ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Apeze womusiyila ana, apeze pogona, apemphele kuti magetsi asazime ali pakati pa kolasi. Caka ca 2024, ca cilala cija, munda sunapeleke kanthu, ndiye nyimbo nazo zinauma. Munthu wotele mumufunsa kuti n'cifukwa ciani satulutsa "hiti" mwezi uliwonse?

Nyimbo ikatuluka, onani amene amadya. Mnyamata wa pa msika amene amaika nyimbo mu memori khadi amalandila ndalama. Wa sipika pa ukwati amalandila. Wogulitsa bando amalandila, cifukwa nyimbo imayenda pa WhatsApp. Ise a pa wailesi timailiza, ndipo timayembekezela kuti woimbayo abwele kudzatiyamikila, na thilansipoti yake. Tikakonza cikondwelelo timamuitana kuti adzaimbe ulele, ati kuti achuke. Tikambe zoona, palibe golosale ku Lundazi imene imagulitsa sopo na kuchuka.

Koma cimene catikwiyitsa ngako ni nkhani ya pepala. Pulodyusa wina, sitimuchula, anauza amai aja kuti adzawajambula nyimbo zisanu popanda kulipila. Anawapatsa pepala la masamba atatu, la Cizungu ca maloya, kuti asaine pomwepo. Iwo anati apite nalo kunyumba akawelenge. Anawelenga mausiku angapo, na dikishonale ya mwana wawo pambali, ndipo anapeza ndime yokamba kuti nyimbozo zidzakhala za pulodyusayo kwamuyaya. Anakana. Manje mbili imene yafala ni yakuti ni ovuta, odzimva, ofuna kucenjela kuposa anthu a m'tauni. Ena mwa amene amafalitsa zimenezi ni oimba anzawo, amene anasaina mapepala otelo osawelenga olo mzele umodzi.

Lamulo la dziko lino la Copyright and Performance Rights Act, la mu 1994, limateteza nyimbo kwa moyo wonse wa woipeka, kuwonjezela zaka 50 atamwalila. Ganizilani bwino zimenezi. Zitanthauza kuti nyimbo ni colowa, monga ng'ombe kapena munda. Khanda lija linali ku sikelo lingadzakhale na adzukulu nyimbo ya amai ake ikali yotetezedwa. Kholo limene lisaina pepala losawelenga lagulitsa ng'ombe ya ana ake usiku, pa mtengo wa ulendo umodzi wa ku situdiyo.

Ngati muona monga tikulota, kumbukilani a Paul Ngozi. Anamwalila mu 1989. Mu 2024, patapita zaka 35, Tyler, the Creator wa ku America anatenga mbali ya nyimbo ya Ngozi Family yochedwa "Nizakupanga Ngozi" n'kuiika mu nyimbo yake "Noid". Acinyamata a ku Los Angeles na London anamva Cinyanja m'mahedifoni awo, ndipo dzina la a Ngozi linalembedwa pa opeka nyimboyo. Ndani mu Lusaka wa m'ma 1970 akanalota zimenezo? Funso lakuti nyimbo ni ya ndani lingagone zaka makumi atatu, koma tsiku limene lidzauka, cimene cidzayankha ni pepala.

Nanga a Jagari Chanda a gulu la WITCH? Zamrock itazilala, iwo anakhala mphunzitsi, pambuyo pake anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali, nchito imene ife a ku Lundazi tiidziwa bwino kuwawa kwake. Kukanakhala Facebook nthawi imeneyo, mukanalemba kuti anasila. Mu 2023 WITCH inatulutsa cimbale catsopano, Zango, ndipo mdalayo wakhala akuimba ku Ulaya na ku America ali na zaka zopitilila 70.

Tidziwa cimene mudzayankha. Mudzati masiku ano ukakhala cete miyezi itatu anthu akuiwala, ndipo mafoni amakweza amene amaponya zinthu tsiku na tsiku. N'zoona, sitikutsutsa. Koma liwilo limenelo lili na olipila ake. Tiwadziwa anyamata amene amagona mu situdiyo, nyimbo mlungu uliwonse, pamene ana awo akuleledwa na ambuye awo kumudzi popanda olo paketi ya shuga. Amenewo mumawacha olimbikila. Palibe amene anatumizapo uthenga pa wailesi kufunsa kuti ana a woimba wamwamuna ali na ndani. Koma mzimai akaima pa siteji usiku, funso loyamba ni lakuti ana wasiyila ndani, ndipo akakhala kunyumba na anawo, funso ni lakuti anasila. Musankhe cimodzi, abale.

Ndipo kuwelenga kwa amai aja si kwa mapepala a maloya cabe. Pa windo pawo pali Mbiri ya Achewa ya a Samuel Ntara, yong'ambika cikuto, na mabuku a Cinyanja a ana a sukulu. Amawelengela ana madzulo, ndipo m'menemo ndiye amatola mau amene ise tinataya. N'cifukwa cake nyimbo yawo ija agogo anaimvetsa, ana anailoweza, ndipo a Citumbuka a ku msika anali kuimba nawo. Ise a pa wailesi tiyenela kucita manyazi pamenepa. M'ma 1960 na 1970 a Julius Chongo anali kukhazika dziko pansi na Poceza M'madzulo, na cinenelo cabe. Ise lelo timatha ola lathunthu na "shout out" na "big up". Mukamadandaula kuti nyimbo za masiku ano zonse zikamba mau khumi amodzimodzi, funsani kuti woimbayo anatsegula liti buku.

Ciyambile mwezi uno, ise odzipeleka a pa pulogilamu ya pa Ciwelu tayamba kulemba dzina la nyimbo iliyonse imene taliza, na woipeka wake. Tinali kunyalanyaza, koma mabungwe monga ZAMCOPS, amene amatolela ndalama za oimba, amagawa poona mindandanda yotele. Woimba aliyense wobwela na fulashi tikumufunsa ngati analembetsa nyimbo zake. Tikamuitana kudzaimba, tikambilana za ndalama poyamba. Imwe amene muli na nyimbo yawo mu foni, ndipo munaivina pa kicheni pate ya alongo anu, mudziwa mmene mobile money imagwilila nchito.

Kwa mnyamata wa ku Lusaka uja, yankho lako ni ili. Amai aja, osati "uja", ali na nyimbo zinai zolembedwa kale. Akuyembekeza mtengo wa soya ukweleko, ndipo khanda likasiya kuyamwa adzakwela basi ya ku Chipata na ndalama zawo. Pepala la pulodyusa lija akali nalo, analiika pakati pa buku la a Ntara, losasaina.