Kalata ya madzi ifike pafupi ndi alimi a ku Chifunde

Chilimwe chikafika pachimake, m'miyezi ya Setembala ndi Okutobala, mitsinje yambiri ya m'boma la Chifunde imasanduka mchenga, madzi n'kutsala m'maiwe owerengeka. Nthawi imeneyi ndi yomwenso alimi a fodya amathirira nazale, eni madimba amathirira tomato ndi kabichi, ng'ombe nazo zili pamzere kufuna kumwa. Kale aliyense ankatunga ndi ndowa kapena kheni, ndipo dziwe limodzi linkakwanira mudzi. Tsopano kwabwera mamotobomba. Injini imodzi ikalira kuyambira m'mawa, amayi a kumunsi amapeza matope okhaokha, ndipo mlandu umakathera pabwalo la amfumu.

Anthu ambiri sadziwa kuti nkhani imeneyi ili ndi lamulo lake. Lamulo la Madzi, nambala 16/91, linatuluka pa 3 Ogasiti 1991, nkhondo isanathe, pamene mabanja ochuluka a m'malire muno anali othawa kwawo ku Zambia ndi ku Malawi. Atabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 anatanganidwa ndi kumanga nyumba ndi kutsegula minda, ndipo palibe amene anawakhazika pansi kuwafotokozera. Lamuloli limati madzi a m'mitsinje, a m'nyanja ndi a pansi pa nthaka ndi a Boma, monga momwe ilili nthaka. Koma likusiyanitsa mitundu iwiri ya kagwiritsidwe ntchito.

Mtundu woyamba ndi wa tsiku ndi tsiku: kumwa, kuphika, kuchapa, kumwetsa ziweto ndi kuthirira kadimba kakang'ono popanda makina. Umenewu ndi waulere, sufuna kalata, sufuna msonkho. Choncho mphekesera yoti Boma lidzalipiritsa mayi wotunga ndi mtsuko ndi bodza, ndipo wina aliyense wopempha ndalama pa chifukwa chimenecho ndi wakuba. Mtundu wachiwiri ndi wa munthu amene akupopa madzi a mumtsinje ndi injini, kutseka mtsinje, kapena kutenga madzi ambiri ochitira malonda. Ameneyu ayenera kukhala ndi chilolezo, chimene m'Chipwitikizi amati licença, cha zaka zosapitirira 5 ndipo amatha kuchiwonjezera. Ntchito zazikulu zokhalitsa zimafuna concessão, imene imatha kufika zaka 50. Ndondomeko yopemphera inalembedwa mu Decreto 43/2007, ndipo za kufufuza ndi kukumba madzi a pansi, monga mijigo, zili mu Decreto 18/2012.

Alipo amene amati madzi ndi a Mulungu, kalata n'njachiyani. Zoona, mvula sagula. Koma dziwe likaphwa, amene amavutika si mwini injini, chifukwa iye amaikweza pangolo n'kupita padziwe lina. Amatsala ndi nkhalamba yosatha kuyenda mtunda. Lamulo limaika madzi akumwa ndi a pakhomo patsogolo pa ntchito zina zonse, ndipo chilolezo sichiyenera kuperekedwa ngati chikulanda mudzi madzi ake. Pamenepa pali chida chimene mafumu ndi anyakwawa angagwiritse ntchito. Ngakhale mwini motobomba amapindula: dzina lake, malo ake ndi kuchuluka kwa madzi ake zikalembedwa m'buku, wachuma wina akabwera kumtunda ndi mapaipi aakulu sangamukankhe ngati mlendo. Wopanda kalata alibe poyambira kudandaula.

Nkhani ya golide ndiyo yowawa kwambiri. Okumba amatsukira dothi mumtsinje momwemo, madzi n'kufiira mpaka kutali, ndipo pamene agwiritsa ntchito mekyule poizoni wake amalowa m'nsomba ndi m'matupi a anthu. Madzi a Luia sathera ku Chifunde. Amakathira mu Zambezi kumunsi kwa Cahora Bassa. Ngati mlimi wa tomato afunsidwa kalata, wotsuka golide ndi makina afunsidwe kawiri, pakuti kutayira zonyansa m'madzi nakonso kuli ndi malamulo ake.

Komabe kudzudzula alimi okha sikungakhale chilungamo. Ofesi yopereka zilolezo ili mumzinda wa Tete. Kale inkatchedwa ARA-Zambeze. Kuyambira 2020 inaphatikizidwa ndi inzake n'kukhala ARA-Centro. Mlimi wa ku Mualadzi, ku Nsadzu kapena kufupi ndi Cassacatiza ayenera kulipira chapa kupita ndi kubwera, kupeza pogona, ndi kulemba requerimento m'Chipwitikizi chonena dzina lake, mtsinje, malo, cholinga, kuchuluka kwa madzi ndi njira yotungira. Kuchuluka kwa madzi amakuwerenga m'mamita kyubiki, chinthu chimene munthu woyesa ndi madiramu sanachionepo. Pepala limodzi likasowa, ulendo wonse wapita pachabe. Kwa ambiri a m'malire, Katete ndi pafupi kuposa Tete, ndipo n'zosadabwitsa kuti amangogula injini n'kuyamba kupopa.

Boma la distrito lingathe kufupikitsa mtunda umenewu popanda kusintha lamulo. Ofesi ya SDPI, yoona za zomangamanga ndi mijigo, ndi ya SDAE, imene alangizi ake amafika kale m'minda, zingamalandire mapepala ndi kuwatumiza ku Tete pamodzi. Akatswiri a ARA-Centro angamabwere kumaposto kamodzi pachaka, makamaka mu Meyi kapena Juni, anthu atakolola ndipo madimba asanayambe, n'kukhala masiku angapo ndi womasulira. Mitengo yolipira imatidwe pakhoma m'Chichewa, ndipo ndalama iliyonse ituluke ndi lisiti. Alimi a dambo limodzi amene ali ndi bungwe angapemphe chilolezo chimodzi m'dzina la bungwelo, n'kugawana masiku opopera.

Chilala cha 2016 ndi cha 2024 chinaonetsa kuti madimba ndiwo amapulumutsa mabanja chimanga chikapsa m'munda, choncho injini zipitirira kuchuluka. Mafumu asadikire a ku Tete: ayambe kulemba mayina a eni mamotobomba a pamtsinje uliwonse ndi maiwe amene mudzi umamwapo, kuti tsiku limene akatswiri adzafike adzapeze mndandanda uli kale m'manja mwa chefe wa posto.