Mpweya wa Chichewa Ukuthera mu Situdiyo

Pali bodza limene lafala m'masitudiyo ang'onoang'ono kuyambira ku Blantyre ndi Lilongwe, kudutsa ku Chipata ndi Lusaka, mpaka m'tizipinda ta ku Johannesburg momwe achinyamata amajambulira nyimbo usiku akaweruka kuntchito. Bodzalo limati Chichewa n'cholemera pakamwa, sichikhala bwino pamwamba pa zoimbira zamakono, ndipo woimba wofuna kumveka bwino athireko Chingerezi. Olinenawo amakhala ndi umboni wawo: amaliza nyimbo yongotuluka kumene, ndipo zoonadi, mawu ake sagwirika. Chimene satchula n'chakuti mawuwo analowa mu maikolofoni ali amphumphu. Anakawonongekera m'kompyuta, m'manja mwa wojambula amene anatsegula FL Studio kapena Cubase n'kuthira pa liwu la woimba zokonzera mawu zotchera kale, zimene amazitcha ma preset, zotengedwa pa intaneti, osasinthako ngakhale kamodzi.

Amene anatchera ma preset amenewa sanalakwe kanthu. Anali ndi liwu la Chingerezi m'makutu mwawo, ndipo m'Chingerezi kampweya kamene kamatsatira p, t ndi k kumayambiriro kwa mawu sikasiyanitsa tanthauzo. Kakachepa, womvera amangoona ngati katchulidwe kachilendo, koma mawu amakhala omwewo. M'Chichewa kampweya komweko ndi malire pakati pa mawu awiri. Kuponya si kuphonya. Kukola si khola, ndipo kupala moto sikukhudzana ndi phala la mwana. Mnyamata amene waimbira bwenzi lake kuti akumukhumba, nyimbo n'kutuluka ikunena kuti akumukumba, walipira ndalama kuti achititsidwe manyazi.

Kampweya kameneka n'kakafupi kwambiri ndiponso kofooka poyerekeza ndi lembo la liwu lotsatira, n'chifukwa chake zida zoyeretsera mawu zimakaona ngati chinyalala. Choyamba kukadya ndi noise gate, chipata chimene chimatseka njira phokoso likatsika kupyola mlingo woikidwa, n'kutsegulanso likakwera. Wojambula wa m'chipinda choyang'anizana ndi msewu amakweza mlingowo kuti abise minibasi ndi tambala wa aneba. Chipatacho chikamachedwa kutseguka, chimameza chiyambi cha mawu, ndipo Chichewa chimayamba mawu ambiri ndi timaliwu tofatsa ta m'mphuno: mbale, ndiwo, ng'ombe, m'mudzi. Chikamafulumira kutseka, chimadula lembo la liwu lotsiriza, limene pamapeto pa chiganizo limatchulidwa motsitsa. Pamenepo ndipo pali ngozi yaikulu, pakuti galamala ya Chichewa yapachika katundu wolemera pa lembo lomalizalo. "Ndipita" ndi munthu amene watsimikiza mtima. "Ndipite" ndi munthu amene akupempha chilolezo. Chipata chikadula a ndi e, womvera amatsala ndi chitsa cha mneni, osadziwa ngati woimbayo akutsazika kapena akudandaulira.

Kenako pamabwera de-esser, chida chochepetsa kuthwa kwa s, chimene kawirikawiri chimagwira ntchito pakati pa 5,000 ndi 8,000 Hz. Pa liwu la Chichewa chili ndi zambiri zoti chitafune: s, ts, tch, ps, z, dz, bz. Chikathinitsidwa mopyola, tsamba ndi samba zimayandikana, tsoka ndi soka zimayandikana, woimba n'kumamveka ngati waguluka mano akutsogolo. Kompuresa yogwira mwachangu kwambiri imamalizitsa ntchitoyo pophwanya kaphulikidwe ka p, t ndi k. Chida chilichonse pachokha chimangochotsa pang'ono, koma preset imaziika zinayi kapena zisanu motsatizana.

Wojambula adzayankha kuti akulimbana ndi kuphulika kwa mpweya pa maikolofoni, kuja kumati "bu" woimba akatchula ph. Dandaulo limeneli n'loona, koma mankhwala ake ndi ena. Kuphulikako kumakhala pansi penipeni pa mawu, pamene kampweya kosiyanitsa kuphonya ndi kuponya kamamveka pamwamba. Kansalu kotchinga kutsogolo kwa maikolofoni, ngakhale kopangidwa ndi sokosi yopyapyala pa waya wopinda, kamaletsa kuphulikako kusanalowe n'komwe. Kupendeketsa maikolofoni pang'ono kuti mpweya uzidutsa pambali kumathandizanso, ndipo kusefa zonse za pansi pa 80 kapena 100 Hz kumachotsa chotsalira osakhudza katchulidwe. Zonsezi sizidya ndalama. Zimangofuna munthu wodziwa chimene akuchotsa ndi chimene akusunga.

Mlandu waukulu koposa ndi wa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Kalembedwe ka Chichewa sikasonyeza zimenezi, ndipo mwina n'chifukwa chake ambiri ophunzira m'sukulu amaganiza kuti kulibe. Komatu mwana aliyense wa zaka zisanu amasiyanitsa mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pamsika, ngakhale zilembo zake ndi zomwezo: woyambawo liwu limakwera pa "te", wachiwiriwo limangoyenda pansi. Laura Downing ndi Al Mtenje anafotokoza nkhani imeneyi mwatsatanetsatane m'buku lawo la mu 2017 lonena za kamvekedwe ka Chichewa, ndipo chachikulu n'chakuti kukwera kwa liwu kumanyamulanso nthawi ya mneni. Mawu amene nyimbo zachikondi zonse zimadalira, "ndimakukonda", ali ndi nkhope ziwiri. Liwu likakwera pa "ndi", chikondi chilipo lero ndi mawa. Likayamba pansi n'kukakwera pambuyo pa "ma", chikondicho chinali cha kale. Ukwati ndi chisudzulo zili m'zilembo zofanana.

Tsono Auto-Tune, pulogalamu imene Andy Hildebrand anapanga ndipo kampani ya Antares inatulutsa mu 1997, imagwira ntchito pokokera liwu ku noti yapafupi mwa manoti amene yauzidwa. Ili ndi kabatani kotchedwa retune speed, koonetsa kufulumira kwa kukokako. Kakaikidwa pa 0, liwu silitsetserekanso kuchoka pa noti ina kupita pa ina; limadumpha ngati wokwera makwerero. Umu ndi mmene linamvekera liwu la Cher mu nyimbo yake ya mu 1998 imene inatchukitsa kamvekedwe kameneka padziko lonse. Chichewa chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, ndipo pa phatikizo lotalikitsidwalo ndi pamene liwu limatsetsereka, kukwera kapena kutsika. Kabatani ka pa 0 kamasalaza ndendende malo amene chiyankhulo chimaikapo tanthauzo.

Wina adzati nyimbo kuyambira kale imapinda mawu kuti atsate mang'ombe ake, ndipo kwaya ya kutchalitchi siimba monga munthu amayankhulira. N'zoona. Koma woimba wodziwa chiyankhulo chake amapinda mosankha. Amasiya katsetsereko pamene tanthauzo lingasokonekere, nthawi zambiri iye mwini osazindikira kuti akutero. Makina sasankha. Ndipo nyimbo zambiri za masiku ano, makamaka za hip hop, ndakatulo zojambulidwa pamwamba pa gitala, ndi mawu olankhula amene oimba nyimbo zauzimu amaika pakati pa nyimbo, zili pafupi kwambiri ndi kuyankhula wamba. Pamenepo palibe mang'ombe oti n'kubisalamo. Palibenso choletsa munthu kufuna liwu lachitsulo mwadala, pakuti nalonso ndi luso lake. Chokwiyitsa ndi wojambula amene sadziwa n'komwe kuti kabataniko kamasuntha, ndipo amathira muyeso umodzi pa mwana wa zaka 19 woimba zovina ndi pa mayi wa chigwirizano woimba nyimbo ya maliro.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri woimbayo akanaimba molondola akanapanda kusokonezedwa ndi kompyuta yomweyo. Mawu akalowa mu maikolofoni, kompyuta imawasonkhanitsa m'timagulu isanawabweze ku mahedifoni, ndipo kukula kwa kagulu kameneka ndiko buffer size. Pojambula pa 44,100 Hz, kagulu ka 128 kamachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pafupifupi 3, ka 1,024 ndi 23, ka 2,048 ndi 46, ndipo ulendo wopita ndi wobwera umawirikiza kuchedwako. Wojambula amene wadzaza nyimbo ndi zida zolemera amakweza nambalayo kuti laputopu isamathetheke, n'kuiwala kuitsitsa woimba akaima pa maikolofoni. Munthu amene akudzimva mochedwa m'makutu amakoka mawu, amatsalira pa kugunda kwa ng'oma, amasochera noti. Wojambula amapukusa mutu n'kunena kuti mlongoyu alibe khutu, kenako amatsegula Auto-Tune kuti akonze chimene wawononga yekha. Mmera mpoyamba. Pojambula liwu, nambalayo itsike pa 128 kapena 256, zida zolemera zizimitsidwe kaye, ndipo pa Windows pagwiritsidwe ntchito driver ya ASIO yochokera kwa amene anapanga kabokosi kolumikizira maikolofoni. Timabokosi tambiri tili ndi batani lotumiza liwu ku mahedifoni mwachindunji lisanalowe m'kompyuta, ndipo batanilo limathetseratu vutolo. Nambala yaikulu ija ibwerere pa nthawi yosakaniza, pamene palibe amene akuimba.

Kukopera kosaganiza kumaonekeranso poyera pa nkhani ya kulira kwa magetsi, kuja kumati "mmm" pansi pa nyimbo. Aphunzitsi a pa YouTube a ku America amati kuchotsedwe pa 60 Hz, chifukwa magetsi a kwawo amayenda motero. Magetsi a ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ngakhalenso Britain amayenda pa 50 Hz, ndipo kulira kwake kumabwerezeka pa 100 ndi 150. Wosefa pa 60 amaboola liwu pachabe, kulirako n'kutsala. Akaona kuti sikunachoke amakulitsa bowolo mpaka kudya pansi pa liwu la bambo, limene limayambira cha m'dera lomwelo. Chikhalirecho akanangozula chaja ya laputopu kwa mphindi imodzi, akanadziwa ngati kulirako kukuchokera kumeneko kapena ku waya wa maikolofoni wogona pambali pa waya wa magetsi.

Chida choyezera zonsezi chilipo kale m'nyumba iliyonse, ndipo sichifuna intaneti. Nyimbo isanatuluke, iliziridwe munthu amene sanaonepo mawu ake olembedwa, makamaka wachikulire amene sazolowera kulosera mawu a nyimbo zamakono, ndipo iliziridwe pa foni kapena pa kawailesi, popeza ambiri adzaimvera pamenepo. Munthuyo abwereze mzere uliwonse monga waumvera. Pamene wabwereza "kumba" m'malo mwa "khumba", wojambula abwerere ku chipata ndi kompuresa. Pamene wafunsa ngati awiriwo akadali limodzi kapena analekana, abwerere ku retune speed n'kuikweza pang'onopang'ono, kuchoka pa 0 kupita pa 20, pa 40, kufikira agogowo atasiya kufunsa.