Jezi Isanabwele, Bwelani ku Kuyeseza

Pali cizolowezi cimene cafala pakati pa acinyamata a mu Lusaka, ndipo ife catitopetsa. Munthu aonelela kavidiyo ka paintball pa YouTube, mtima utentha, atsegula gulu pa WhatsApp, alipatsa dzina loopsa, ayamba kufunsa mitengo ya majezi. Pakapita masabata atatu gulu lija lasanduka potumizilana nthabwala. Ukafunsa za kuyeseza, wina ati ali ku kitchen party, wina ati kuli mvula, wina foni yazima.

Paintball imene ambili amasewela pa birthday kapena pa tsiku la kampani ilibe mlandu. Mumathamangitsana, mumaseka, mubwelela kunyumba ndi mabala awili atatu. Koma imene mumaona m'mavidiyo aja ni ina. Dzina lake ni speedball, ndipo mpikisano wake waukulu ni NXL ya ku America, imene inayamba mu 2015 ndipo caka ciliconse imacititsa World Cup ku Kissimmee, ku Florida. Amasewela asanu mbali ino, asanu mbali ija, pa bwalo la mamita pafupifupi 45 m'litali ndi 36 m'lifupi. Mulibe mtengo kapena culu. Muli cabe ma bunker, zobisalamo zopopa mpweya, zoikidwa mofanana mbali zonse ziwili. Mfuti iliyonse imaloledwa kutulutsa tumipila twa penti 10.5 pa sekondi. Pointi imodzi ingathe mphindi imodzi isanakwane.

Manje ganizani masekondi oyambilila, belu ikangolila. Wothamanga wanu aliyatsa liwilo kupita ku snake, mzele wa ma bunker aafupi a m'mbali mwa bwalo, kumene munthu amayenda cokwawa. Kuti afike wamoyo, mnzake wa kumbuyo afunika kuombela pa mpata umene anagwilizana, pa nthawi imene anagwilizana, kuti a timu ina asadzutse mitu. Ngati wa kumbuyo uja sanabwele pa Ciwelu pamene anzake anali kupangana zimenezi, aombela kwina. Wothamanga atuluka, mwatsala anayi, ndipo a mbali ina aziwelenga kale mokuwa. Amene anajomba ni mmodzi, koma olipila ni onse.

Malamulo nawonso alibe cifundo ndi munthu wodzikonda. Ukapitiliza kusewela penti itakuphulikila, lefali angakutulutse pamodzi ndi mnzako amene sanalakwe ciliconse. Ukayesa kupukuta penti kuti ubise, cilango cikulilako. Ndiye uja amene amati “ine ndine talented, sindifunika training” atiuze: talente yake ibweza bwanji anzake amene atulutsidwa cifukwa ca iye?

Tidziwa yankho limene likubwela: ndalama. Zoona, masewela awa ni odula, ndipo sitinamiza munthu. Bokosi limakhala ndi tumipila 2,000. Mfuti imodzi ikaombela osaleka pa liwilo lija, bokosi latha pa mphindi zitatu ndi pang'ono. Kuno kwathu zipangizo zimenezi zimacokela kunja, kwacha ikagwa mtengo ukwela. Koma mfundo imeneyi itsutsa ojomba, siiwateteza. Ngati munagwilizana kugawana mtengo wa penti ndi bwalo anthu asanu ndi awili, ndiye atatu osabwela, otsalawo atulutsa za minibasi za sabata yonse. Kucita zimenezo kawili, timu yafa, ndipo pambuyo pake mudzati inapha ni umphawi.

Cina n'cakuti nchito yambili ya speedball siifuna penti ngakhale kamodzi. Kuthamanga mamita 15 ndi kudzigwetsa bwino osathyoka phewa, kugwila mfuti ndi dzanja lamanzele monga mmene umagwilila ndi lamanja, kusuzumila ndi kubwelela msanga, zonsezi zingacitike pa bwalo la fumbi ndi madilamu akale. Koposa zonse pali cinenelo ca timu. Bunker iliyonse ifunika dzina limene onse asanu adziwa, kuti wina akakuwa, mau afike mbali ina ya bwalo maski ili kumaso, mfuti zikulila. Matimu a NXL amalandila mapu a bwalo mpikisano usanafike, amaliyenda phazi ndi phazi, kuona kuti kucokela apa ungaombele kuti. Amakhalanso ndi anthu kumbali odzaza mapodi a tumipila, kuika mpweya m'mathanki ndi kupukuta penti yakale pointi ina isanayambe. Nchito imeneyo palibe amaiika pa Instagram. Ndani pagulu lanu anavomela kuigwila?

Anyamata amakonda kuchula San Diego Dynasty, timu yochuka ya ku California. Cimene saona n'cakuti Ryan Greenspan, Alex Fraige ndi Yosh Rau asewela pamodzi zaka zoposa 20, kuyambila ali acicepele. Wina akasuntha, mnzake adziwa kale cimene cikubwela.

Conco kwa ma admin a magulu aja, pempho lathu ni ili: imitsani nkhani ya majezi. Sankhani bwalo la mpila, kaya ku Matero, kaya ku Chawama, muitane anthu 06:00 hours pa Ciwelu, masabata anayi otsatizana, popanda mfuti, popanda kamela. Tengani buku, lembani amene afika. Amene dzina lake lioneka kanayi, ndiye mumufunse saizi ya jezi.