Kanyenda tisamuyeze ndi zigoli zokha

Mkangano wa yemwe anali katswiri womwetsa zigoli kuposa onse mu Flames sutha kuno ku Dwangwa, ndipo ine sindifuna kuti uthe. Umabuka m'mavidiyo sho, umapitirira pa siteji ya akabaza, mpaka kukafika kugombe komwe asodzi akusoka maukonde. Achikulire amati ndi Kinnah Phiri, n'kutchula nambala: zigoli 71 pakati pa 1973 ndi 1981. Anyamata amati ndi Gabadinho Mhango, n'kukutulutsira foni kuti uonenso mpira uja anaumenyera kutali pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, n'kumudutsa pamutu Yassine Bounou wa Morocco.

Chimene chimandiwawa n'chakuti dzina la Esau Kanyenda limabwera pomalizira, ngati lokumbukira mochedwa. Ku Ndirande kapena ku Mzuzu ndikhoza kuwamvetsa. Koma kuno? Kanyenda, wotchedwa Black Mamba, anadziwikira mu timu ya Dwasco, pakati pa minda ya nzimbe yomweyi imene timadutsa tsiku ndi tsiku.

Tiyeni tione njira imene anayenda. Atachoka ku Dwasco, anapita ku Jomo Cosmos ya ku South Africa mu 2001, m'manja mwa Jomo Sono, munthu wodziwika ndi diso lotola anyamata aluso m'maiko a mu Africa. Mu 2003 anali atafika ku Rostov, mu ligi yaikulu ya ku Russia. Masiku amenewo ligi ya kumeneko inkayamba mu Malichi n'kutha mu Novembala, kutanthauza kuti mnyamata wozolowera kutentha kwa m'mbali mwa nyanja ankayamba ndi kumaliza nyengo akuthamanga m'chisanu choti zala kuuma. Chilankhulo n'chachilendo, nsima kulibe, Mmalawi mnzake woti n'kucheza naye kulibe. Komabe mu 2005 Lokomotiv Moscow, yomwe inali itangotenga ligi mu 2004, inamufuna. N'zoona kuti ku Lokomotiv sanapeze mpata wokwanira wosewera, ndipo otsutsa amakonda kuyambira pamenepo. Ine ndimangowafunsa kuti ndi osewera kutsogolo angati a ku Malawi amene akatswiri a ligi ya ku Ulaya anawagulapo.

A Kinnah sindikuwachepetsa ayi. Zigoli 71 si masewera, ndipo zikho za East and Central Africa za 1978 ndi 1979 zinabwera m'nthawi yawo. Koma nambala ili ndi mbiri yake. Flames ya nthawi imeneyo inkasewera kawirikawiri, osewera ake anali m'matimu a konkuno, ankadziwana mapazi chaka chonse. Kanyenda ankachokera ku Russia pa ndege, kufika kwatsala masiku ochepa, kusewera, n'kubwerera. Munthu wotere sangakhale ndi masewero ofanana ndi amene ankagona ku Blantyre, ndipo pamene masewero achepa, zigoli nazo zimachepa.

Ena amaseka zigoli zitatu zimene anamwetsa pomwe tinakwapula Djibouti 8-1 mu Meyi 2008, amati Djibouti ndi timu yanji. Akuiwala kuti ulendo wa ku AFCON ya ku Angola unayambira pomwepo. Patangopita masabata awiri, Chiukepo Msowoya anagwetsa Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium, ndipo mu Januwale 2010 tinali ku AFCON koyamba kuchokera mu 1984, tikuchapa Algeria 3-0 ku Luanda. Pa tsiku la Algeria omwetsa anali Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Dzina la Kanyenda palibe pa mndandandawo, ndipo apa ndi pamene owerenga zigoli amasokera. Amene tinkamuonera tikudziwa ntchito imene ankagwira: kuthamangira m'mbali, kukoka otchinga kumbuyo kuti anzake apeze mpata, kusalola mdani kupuma ali ndi mpira. Zimenezi sizilembedwa pa bolodi. Mphunzitsi amene ankamudalira pa ntchito imeneyi anali Kinnah Phiri yemweyo, munthu wodziwa bwino kuti chigoli chimaphikidwa ndi anthu angapo.

Ndiye pali za ukalamba. Osewera athu ambiri akafika zaka 30 mpira umakhala utawathera. Kanyenda anachoka ku Russia, anakaseweranso ku Polokwane City, kenako mu 2017 anabwerera kumudzi n'kuvala yunifolomu ya Be Forward Wanderers ali ndi zaka pafupifupi 35. Chaka chomwecho Manoma anatenga ligi yomwe anali ataisowa kuyambira 2006. Thupi silisungika choncho mwangozi. Pamafunika kudziletsa kumene anyamata athu ambiri aluso alibe.

Gabadinho ndi wathu, ndipo zigoli zake 16 ku Orlando Pirates mu nyengo ya 2019/20, pomwe anafanana ndi Peter Shalulile, ndimazinyadira ngati wina aliyense. Koma ife a ku Dwangwa tili ndi chifukwa china chokambira za Kanyenda, chifukwa chokhudza ana athu. Iye anaoneka chifukwa panali timu ya pa esiteti yomwe inkasewera ndi matimu akuluakulu, moti mwana waluso sankafunika kuyamba wasamukira ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti anthu amuone. Lero bwalo la Chitowe lilipo, koma Dwangwa United yakhala ikulowa ndi kutuluka mu ligi yaikulu, ndipo nyengo zina timu yotilandira pa Chitowe yakhala Mafco ya ku Salima. A Illovo, alimi a nzimbe, eni mabizinesi a pa Dwangwa ndi a FAM akhale pansi, aike ndalama mu ligi ya anyamata osapitirira zaka 17 ya boma la Nkhotakota, yokhala ndi aphunzitsi olipidwa ndi mipira yokwanira, ndipo masewero ake omaliza azichitikira pa Chitowe.