Aneneri a ku Congonhas Anasemedwa ndi Manja Angati?

Pa phiri la mumzinda wa Congonhas, m'chigawo cha Minas Gerais ku Brazil, m'bwalo la tchalitchi cha Bom Jesus de Matosinhos, paima aneneri 12 osemedwa pa mwala pakati pa 1800 ndi 1805, ndipo dzina limene dziko lonse limatchula pa ntchitoyi ndi limodzi, la Antônio Francisco Lisboa, wodziwika kuti Aleijadinho. Ulemuwo ngomuyenera mwana uyu wa mmisiri wa Chipwitikizi ndi mayi wa ku Africa amene anali kapolo. Koma mutu umodzi susenza denga, makamaka mutu wa nkhalamba imene nthenda inali itapundula manja ndi mapazi.

Rodrigo Bretas, amene analemba mbiri ya Aleijadinho mu 1858, anatisiyira mayina atatu a akapolo a mmisiriyu: Maurício ndi Agostinho, amisiri osema, ndi Januário, amene ankamunyamula. Ndi Maurício amene ankamangirira nyundo ndi chosemera ku manja opunduka a mbuye wake, nafera ku Congonhas komweko. Tsono ndani, poyang'ana makwinya a mwinjiro wa Yesaya, angalumbire kuti apa panadutsa dzanja la mfulu, apo la kapolo? Chimene chimandiwawa koposa nchakuti pakati pa aneneriwo paima Yeremiya, yemwe uja anadzudzula mfumu Yehoyakimu chifukwa chomanga nyumba yake ndi thukuta la anthu osapatsidwa mphotho.

Ena ati nthawi inali yotero, kuti ukapolo unali wololedwa ku Brazil kufikira 1888, ndi kuti Maurício ankagawana malipiro ndi mbuye wake. Nzoona, koma munthu wolandira gawo lake la golide, amene sangathe kutsazika ndi kupita kumene mtima wake ukufuna, akadali m'goli.

Nafenso nkhaniyi sitili nayo kutali, pakuti m'zaka zotsatira kusemedwa kwa aneneriwa, zombo zochokera ku Quelimane zinatsitsa ku Rio de Janeiro anthu ogwidwa m'maiko a Zambezi ndi a kunyanja kuno. Popeza UNESCO inalemba malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1985, ine nditi mayina a Maurício, Agostinho ndi Januário atchulidwe paliponse pamene Aleijadinho atchulidwa, kwa alendo ndi kwa ana a sukulu omwe, ndipo kunenedwe poyera kuti anali akapolo.