Thabwa la bala musalithamangitse

Anzanga ambiri akangoyamba kulandira malipiro, maloto awo amafanana: nyumba ya lendi yabwinoko, TV yaikulu, kenako kabala kapakhomo kokhala ndi thabwa limodzi lalikulu pamwamba, la mbawa kapena mlombwa, ngati aja amadzaza pa Instagram. Malotowo ndilibe nawo vuto. Chomwe ndimadana nacho ndi khalidwe logula thabwa Lolemba n'kuuza kalipentala kuti pofika Loweruka likhale litasalala chifukwa kukubwera alendo.

Thabwa lochekedwa kumene limakhala ndi madzi ambiri. Likamauma limafota m'lifupi, ndipo silifota mofanana, n'chifukwa chake limapindika ngati mbale, kupotoka kapena kung'aluka kunsonga. Amisiri amawerengera chaka chimodzi pa inchi iliyonse ya kukhuthala kwake ngati likuuma ndi mphepo, pamthunzi, litasanjikizidwa ndi timitengo pakati. Thabwa lokhuthala mainchi 3 lingafune zaka ngati zitatu. Mukalipala lili laliwisi lidzaoneka bwino sabata yoyamba, koma likadzakumana ndi kutentha kwa Okutobala, botolo lizidzapendama pamwamba pake.

Ngakhale litauma, kulisalaza si kungolikhula ndi sandipepa. Sandipepa amatsata zitunda ndi zigwa zomwe zilipo kale, amangozifewetsa. Mmisiri wodziwa amayamba walikhazika thabwalo pamalo athyathyathya n'kulitsamiritsa ndi tizidutswa pansi kuti lisagwedezeke. Amaika timatabwa tiwiri towongoka, kena kunsonga iyi kena kunsonga inayo, n'kusuzumira ngati tikulingana. Tikasemphana, ndiye kuti thabwa lapotoka. Malo okwera amawalemba ndi pensulo, n'kuyamba kuwadya ndi puleni mopingasa asanatsate mizere ya mtengo.

Thabwa lotambalala chotere nthawi zambiri sililowa m'makina opalira a m'mashopu. Amene ali ndi router amakhoma matabwa awiri owongoka m'mbali ngati njanji, n'kumayendetsa makinawo pamwamba, kudya mamilimita ochepa ulendo uliwonse. Akamaliza mbali imodzi amatembenuza. Mbali zonse ziwiri zimafunika kupalidwa mofanana ndi kupakidwa vanishi, apo ayi imodzi imamwa chinyezi cha dzinja kuposa inzake, thabwa n'kupindikanso. Mabowo a masikuluu amawabowola aatali pang'ono kuti thabwa lizitha kufufuma ndi kufota popanda kung'aluka.

Wina anena kuti ndalama ndi zake, thabwa likaonongeka agula lina. Apa ndi pomwe sindigwirizana naye. Thabwa lotambalala masentimita 70 silichokera mumtengo wobzalidwa dzana. Mlombwa umakula pang'onopang'ono kwa zaka makumimakumi, ndipo mitengo ikuluikulu yachilengedwe ikutha tikuona. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa cha kudulidwa mozembera malamulo. Thabwa lililonse lotayidwa chifukwa chopupuluma limatumiza munthu wina kutchire ndi sowo.

Palinso nkhani ya ulemu. Ife a madigiri timakonda kunenerera mtengo wa ntchito ya kalipentala ngati tikugula tomato, pomwe zomwe iye amaona ndi diso limodzi ife sitingazione ngakhale atatipatsa levulo. Akakuuzani kuti thabwa silinaume, sakuthawa ntchito, akuteteza ndalama zanu. Masiku amene atathere akupala, mulipireni mosanyinyirika.

Musanagule, funsani kuti mtengowo unadulidwa kuti, liti, komanso ngati wogulitsayo ali ndi chilolezo cha dipatimenti ya zankhalango. Ngati mayankho akuzungulira, siyani. Paini wobzalidwa kapena bulugamu wouma bwino, wolumikizidwa mwaluso, amapanganso kauntala yokongola. Koma mukasankha mbawa, ipatseni nthawi yake. Alendo a Loweruka akhoza kumwera patebulo wamba.