Ng'ala sichoka ndi botolo la pamsika

Tsiku la msika pa Migowi sipasowa munthu wa chimkuzamawu wogulitsa mankhwala "otsuka maso". Ena amavala tayi n'kumazungulira m'maofesi ndi timabotolo ta mapiritsi, akutchula mawu achilendo oti antioxidant, amvekere mapiritsiwo amasungunula ng'ala. Poti ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ya kumudzi kuno, makolo amandifunsa ngati zimenezi n'zoona. Ndimawayankha kuti mbali ina ndi yoona, ndipo mbali imeneyo ndi yomwe ikudyera anthu ndalama za nandolo.

Yoonayo ndi iyi. Thupi likamagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni, pamatsala tinthu tina towononga maselo pang'onopang'ono, ngati momwe khasu logonera panja limachitira dzimbiri. Thupi lili ndi zodzitetezera, kuphatikizapo mavitamini C ndi E, ndipo zotetezazi ndi zomwe amati ma antioxidant. Zowononga zikachuluka kuposa zoteteza, madokotala amati oxidative stress. Diso limalandira zambiri chifukwa limakhala pa kuwala tsiku lonse. Dzuwa la m'dambo, kunyezimira kwa madzi komwe asodzi a pa Chilwa amakhala akuyang'ana, utsi wa fodya, matenda a shuga ndi ukalamba, zonsezi zimawonjezera.

M'kati mwa diso muli kagalasi kowala mbee kopangidwa ndi mapuloteni. Mapuloteniwo akawonongeka amaundana, kagalasi n'kuchita chifunga. Imeneyo ndiyo ng'ala. Ana anga a Fomu 3 ndimawafunsa kuti: dzira likaphikidwa, madzi ake aja n'kuuma kuyera, alipo vitamini amene angawabwezere mwakale? Amaseka, koma nkhani yake ndi yomweyo.

Akatswiri anayesa kale. Bungwe la National Eye Institute la ku America linachita kafukufuku wotchedwa AREDS pa anthu oposa 4,000, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2001. Mapiritsi a mavitamini C ndi E, beta-carotene ndi zinc anachepetsa ndi pafupifupi 25 pa 100 chiopsezo choti nthenda ina ya okalamba, yowononga pakati pa kansalu kolandira kuwala kuseri kwa diso, ifike poipa. Anathandiza okhawo amene nthendayo inali itayamba kale kukula. Pa ng'ala sanasinthe kanthu. Mu 2013 kafukufuku wachiwiri analangiza kuchotsamo beta-carotene chifukwa imakweza chiopsezo cha khansa ya m'mapapo kwa osuta fodya. Wa chimkuzamawu uja sakufunsani ngati mumasuta chingambwe.

Chomwe chimandipweteka ndi nthawi yomwe imatayika. Agogo akamadikira botolo lachitatu kuti ligwire ntchito, mdzukulu amajomba kusukulu kuti aziwagwira ndodo, ndipo kawirikawiri amakhala mtsikana. Komanso si kusaona bwino kulikonse komwe kuli ng'ala. Glaucoma imapha mtsempha wa diso mwakachetechete, ndipo zomwe yawononga sizibwerera.

Ng'ala imachoka ndi opaleshoni. Sakolowola diso monga zimamvekera m'midzimu. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, amachotsa kagalasi kachifungako n'kuikapo kena kapulasitiki, ndipo ambiri mawa lake akamasula bandeji amaona. Poyambira ndi pachipatala chathu cha boma pa Migowi pompano, ndipo akhoza kukutumizani ku Zomba Central kapena ku Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre.

Nanga ma antioxidant? Ali kuseri kwa nyumba. Bonongwe, nkhwani ndi mpiru zili ndi lutein, yomwe imapezekanso kuseri kwa diso. Magwafa ndi malambe ali ndi vitamini C wambiri, pomwe mapapaya, mango ndi mbatata yofiira m'kati zimapereka vitamini A. Ndiwo zamasamba musaziphike mpaka kusanduka zofiirira, ndipo muthiremo nsinjiro kapena timafuta pang'ono kuti thupi liyamwe bwino. Wopita kukapalira dzuwa lili paliwombo asaiwale chipewa cha mlaza.